Tsiku Limene Ndinathawa Chifuwa cha Apongozi

Pakhoma la chipinda changa chochezera, pamwamba pa kabati ya mbale, pali chithunzi chimene mlendo aliyense amachiyang'ana kawiri. Koyamba amati, "Koma mwana wanu anatchena." Kachiwiri amasendera pafupi, n'kuona kuti kumbuyo kwathu kuli mashelefu a matawulo, pakati pathu pali chitseko, ndipo ine mayi wake wa mwini tsiku ndavala masilipasi oyera a kubafa. Ambiri funsolo amangolimeza. Koma amayi anzanga a kutchalitchi sameza kanthu. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, aliyense aziwerenga yekha, pakamwa panga papume.

Ine kwathu ndi ku Iponga, koma ndinakwatiwa ku Mwenilondo, konseko m'boma la Karonga. Mwa ife Ankhonde, mkazi wokwatiwa amaopa apongozi ake aamuna. Timati ukutila. Si mantha othawa chilombo ayi, ndi ulemu. Suwayang'ana kumaso, sudya nawo malo amodzi, sutchula dzina lawo (n'chifukwa chake simuliona muno), ndipo mukakumana panjira iwe umapatukira m'munda n'kutembenuka mpaka adutse. Atsikana ambiri a masiku ano anazisiya, ndipo sindiwaweruza. Abusa athunso ananenapo kuti kumwamba sakatifunsa zimenezo. Koma ine ndi mmene anandilangira amayi anga, ndipo ndazisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

Mwina mukuti n'zovuta, poti nyumba yanga ndi ya apongozi zangolekana ndi kamunda ka nthochi. Sizinandivutepo, chifukwa iwonso amandithandiza. Akamabwera amagogoda ndodo pansi, go, go, go, kenako amatsokomola kawiri. Ndikamva ndimadziwa kolowera. Chakudya ndimapatsira ana. Uthenga umadzera mwa ana. Apongozi anga ndinkawadziwa msana, chipewa ndi ndodo, basi.

Bambo a kunyumba anatisiya mwana wathu woyamba, Tusekile, ali mu sitandade sikisi. Anthu ankati ndibwerere ku Iponga. Apongozi anatuma uthenga kuti nyumbayo ndi yanga, mundanso ndi wanga. Tusekile atasankhidwa kupita kusekondale apongoziwo anagulitsa ng'ombe, atapita kusukulu ya unamwino anagulitsanso ina. Mulungu anandipatsa bambo amene sindinkamudziwa nkhope.

Chaka chatha Tusekile, amene anali kale pantchito ku Blantyre, anamaliza maphunziro ena apamwamba. Anandiimbira foni.

"Amayi, mubwere ku mwambo wolandira digiri, inu ndi agogo. Ndakusungirani malo kuhotela."

"Hotela imodzi?"

"Imodzi, koma ndi yaikulu ngati msika. Simudzakumana. Ine ndikungopempha chinthu chimodzi chokha. Chithunzi chimodzi, ine pakati, inu uku, agogo uku. Inu mudzayang'ana kamera, iwo adzayang'ana kamera. Palibe woyang'ana mnzake."

Sanasankhe hotelayo mwachisawawa. Ndi yakalekale, ya nthawi ya atsamunda, ili pakati penipeni pa tauni. Agogo ake ali mnyamata anapitako ku Blantyre kukafuna ntchito, ndipo anamuuzapo kuti tsiku lina anasenzera mzungu katundu mpaka pakhomo la hotelayo. Anangosuzumira m'kati, n'kuona masitepe aakulu a matabwa onyezimira, mlonda n'kuwabweza. Mwanayo nkhaniyi anaisunga mumtima. Ankafuna agogo ake akaime pa masitepe amenewo atavala jekete, ngati mlendo wolemekezeka. Ndinapempherera nkhaniyi masiku atatu, ndinavomera.

Ulendo unayenda bwino. M'basi iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, chitenje kumutu. Pa Chiweta ndinasanza, koma izo si za nkhani ino.

Hotelayo, abale anga, ndi yokongola. Kunja magalimoto ali piringupiringu, koma ukangolowa phokoso lonse limatsala pakhomo ngati nsapato. M'makoma muli zithunzi zakale za anthu a zipewa zazikulu. Pali wotchi yaitali kuposa munthu, imene imalira ngati belu. Mipando yake ukakhala umamira. Wantchito wina anandinyamulira chikwama changa, chimene munali mpunga ndi usipa wa Tusekile, ngati wanyamula Baibulo la paguwa. Nditalowa m'chipinda changa ndinagwada kaye n'kuthokoza, chifukwa bedi lake linali loti ana anga onse anayi akanagonapo, n'kutsalanso malo a mlendo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene Tusekile sanaziganizire. Choyamba ndi kapeti. Paliponse pansi anayala kapeti yokhuthala ngati udzu wa m'dambo, moti ndodo simveka. Chachiwiri ndi makina oziziritsa mpweya. Ife a ku Karonga tinazolowera kutentha koti dzira lipse pamchenga, koma si ife tokha amene mphepoyo inkatikanda pakhosi. Hotela yonse inkatsokomola. Azungu, amwenye, mabwana a matayi, aliyense khoso khoso. Ndipo chitseko ndi kapeti zikameza mawu, zifuwa za amuna zimafanana zonse.

Madzulo omwewo ndinalawa vuto loyamba. Tusekile anandiphunzitsa kukwera chikepe, ndipo ndinati ndiyese ndekha kutsikira kodyera. Chikepe chinaima panjira, chitseko n'kutseguka, ndipo ndinaona nsonga ya ndodo ndi nsapato zimene ndimazidziwa. Ndinatembenuka msanga kuyang'ana khoma. Khomalo linali galasi. Ndinatembenukira lina, galasinso. Ndinaona chipewa, ndinaona khutu limodzi, ndinatsinzina. Ndinangomva mawu awo akuuza munthu wina kuti, "Chilekeni chipite chimenechi, ine ndidikira china." Ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso ndili chitsinzinire, mpaka mayi wina anandigwira paphewa n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndikupemphera (sindinaname kwenikweni). Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ine ndi masitepe basi.

Mwambo wa digiri m'mawa mwake unayenda bwino kwambiri. Anthu anali ngati nyerere, iwo anakhala kutali, ine kutali. Atatchula dzina la mwana wanga ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Tinabwerera kuhotela cha m'ma thwelofu. Tusekile anati, "Wojambula afika wani koloko, ndipo ali ndi ukwati wina thu koloko. Amayi, musachedwe. Tikumane pa masitepe aakulu."

Ndinakwera kuchipinda kukakonza duku. Nsapato zatsopano zinali zitandiluma zidendene, ndiye ndinazivula n'kuponda m'masilipasi oyera amene hotela imaikira alendo, kuti mapazi apume pang'ono. Nditamanga duku ndinati ndisuzumire panja ndione ngati njira ili bwino. Ndinatuluka mapazi awiri okha. Chitseko chinadzitseka chokha kumbuyo kwanga, kwa. Kiyi wa kumeneko ndi khadi, ndipo khadilo linali pabedi, pamodzi ndi foni, pamodzi ndi nsapato.

Munthu wanzeru akanatsika kukapempha khadi lina. Inenso ndimomwe ndinaganizira. Koma ndisanafike pa masitepe aakulu, pakona panamveka kutsokomola. Kawiri.

Ndinabwerera. Kanjira ka pakati pa zipinda n'kowongoka ngati msewu wa tala, kopanda munda, kopanda nthochi, kopanda khola lobisala kuseri. Ndinayenda mofulumira mpaka kumapeto, ndinapeza masitepe ena ang'onoang'ono, ndinatsika. Ndili pakati, pansi panamveka kutsokomola. Ndinakweranso. Pamwamba, kutsokomola. Amene anatulukira anali bambo wonenepa wa sutikesi, woti sanamvepo n'komwe za Mwenilondo, koma ine ndinali nditagwada kale kuyang'ana chidebe chozimira moto. Anandipatsa moni m'Chingerezi, ine ndinayankha chidebecho.

Wotchi yaitali ija inalira kamodzi. Wani koloko.

Apa ndiyenera kunena zimene ndinazidziwa pambuyo pake. Tusekile ataona kuti sindikufika anakagogoda kuchipinda kwanga, n'kumva foni ikulira m'kati popanda woyankha. Anayamba kundifuna pansi, kodyera, panja. Agogo ake anati, "Iwe funa pansi, ine ndifuna pamwamba." Ndiye munthu wamkulu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu anayamba kuzungulira hotela kufuna mpongozi wake. Ndipo poti ndi munthu waulemu, pakona iliyonse ankaima n'kutsokomola kawiri, kuti ndisadzidzimuke. Iwo akutsokomola kuti andipeze, ine ndikumva n'kuthawa. Tinazungulirana chonchi nsanjika zitatu.

Mapeto ake ndinakankha chitseko china cholembedwa Chingerezi chofiira (changa chinathera mu sitandade seveni), ndinapezeka m'kanjira kopanda kapeti, konunkhira sopo. Kumeneko ndinakumana ndi mayi wina wa yunifolomu akukankha ngolo ya nsalu zoyala pabedi. Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake, Esinati, wa ku Mulanje.

"Mayi, kuno si kwa alendo. Mwasochera?"

"Ndibiseni, mwana wanga. Akubwera."

"Ndani?"

"Apongozi."

Anandiyang'ana thukuta, anandiyang'ana masilipasi, nkhope yake inasintha. "Aamuna? Akukuvutitsani?"

Ndinalibe mpweya wofotokozera mwambo wonse wa Ankhonde. Ndipo nthawi yomweyo, poti kuno kunalibe kapeti, ndinamva bwinobwino: go, go, go. Esinati anatsegula kachipinda kosungiramo matawulo, anandikankhiramo, anatseka. Ndinamumva akukoka ngolo yake n'kuiimika pakhomo.

"Mwana wanga," anatero mawu a apongozi m'Chichewa chawo cholemera, "sunaone mayi wa duku lobiriwira?"

"Kuno kulibe munthu, bambo. Ndipo pa msinkhu wanuwo muzichita manyazi. Bwererani ndisanaitane alonda."

Munthu amene anagulitsa ng'ombe zake chifukwa cha mwana wanga, munthu amene mlonda anamubweza pakhomo lomweli ali mnyamata, lero akuopsezedwanso ndi alonda chifukwa cha ine. Ndinafuna kutuluka, koma iwo anali pakhomo pomwepo. Ndinafuna kufuula, koma mpongozi safuulira apongozi ake. Ndinachita chimene ndimachita zinthu zikandikulira: ndinayamba kung'ung'udza nyimbo yanga ya mapemphero a m'mawa, osadziwa n'komwe kuti ikumveka kunja.

Kenako apongozi anaseka pang'ono.

"Matawulo a kuno amaimba nyimbo za ku Mwenilondo?"

Anamufotokozera Esinati mwambo wathu modekha, ngati akuphunzitsa mdzukulu. Ndinamva mayiyo akuti, "Zaka zonsezo? Osaonana? Pepani agogo, pakamwa panga pandipachika." Anawabweretsera mpando, n'kuthamanga kukaitana Tusekile.

Mwana wanga anafika gauni ili m'manja, wojambula ali pambuyo. Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Amayi," anatero pachitseko, "ndinapempha tsiku limodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula mbale kuchoka kwa inu kupita kwa agogo, mawu kuchoka kwa agogo kubwera kwa inu. Sindinadandaulepo. Bambo kulibe. Ndatsala ndi anthu awiri, ndipo sindingathe kuwaimika malo amodzi ngakhale mphindi imodzi."

Ine m'kati muja ndinatenga thawulo la alendo n'kupukuta misozi. Ndinali ndisanaganizepo kuti ulemu wanga unali ndi wousenza, ndipo wousenzayo anali mwana.

Wojambula anati, "Achemwali, kwatsala mphindi khumi."

Pamenepo apongozi anagogoda chitseko ndi ndodo, n'kuyamba kulankhula m'Chinkhonde. Sanalankhule ndi ine, sanalankhulenso ndi Tusekile.

"Chitseko iwe," anatero, "mdzukulu wanga watopa kutumidwa, lero ndituma iwe. Uwauze amake Tusekile kuti ine nkhope yawo sindiidziwa, koma iwowo ndimawadziwa. Ndimawadziwa pa nyimbo ya m'mamawa, imene imandiuza kuti kwacha ndipo ndikadali moyo. Ndimawadziwa pa mbalagha wawo, amene nthochi zake amaziphika mpaka zifewe chifukwa mano anga anatha, ngakhale palibe anawauza. Uwauze kuti mwana wanga anapita, iwo anatsala. Ngati akufuna atuluke andiyang'ane. Ine ndamasula."

Kenako ndinayankha, koyamba m'moyo wanga, popanda mwana pakati.

"Chitseko, uwauze agogo ake a Tusekile kuti ndagha, ndathokoza. Uwauze kuti mtima wamva, koma khosi lakana kudzuka. Uwauzenso kuti andikhululukire, ndawamanitsa masitepe awo."

"Chitseko, uwauze kuti masitepe amenewo ndawakwera kasanu lero powafuna iwo. Andikwana. Ndi matabwa basi."

Tusekile anaseka uku akulira. Ndi Esinati amene anapeza nzeru. Anatsegula chitsekocho theka, chinaima chopingasa ngati khoma. Apongozi anakhala pampando wawo mbali iyi, ine ndinaima mbali inayo, Tusekile anavala gauni n'kuima kutsogolo kwa m'mphepete mwa chitseko, dzanja lina paphewa la agogo ake, lina m'chiuno mwanga. Wojambula anadandaula kuti kuwala kwake n'koipa, matawulo akuoneka, ndiponso mayi avale nsapato. Tusekile anati, "Jambulani momwemo."

Pa masitepe aakulu anakajambulitsa awiri, iye ndi agogo ake, wojambula akuyang'ana wotchi. Chithunzi chimenecho chili kunyumba kwa apongozi. Nkhomaliro tinadya m'chipinda chimodzi chodyera, matebulo awiri, misana itayang'anana, Tusekile akusinthasintha mipando. Ndinamumva akuwauza agogo ake kuti nsomba ya kuno siifika pa ya kwathu ku Ngara, iwo n'kuvomera mokweza kuti inenso ndimve.

Chithunzi changa chinafika patapita milungu itatu, Tusekile atachiika kale m'felemu. Ndinachisiya chovundikira pakabati masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadziuza kuti amayi anga pondilanga sananenepo kanthu za zithunzi. Ndinachitembenuza.

Ndinayamba ndi mwana wanga, kenako masilipasi, kenako chitseko. Kenako ndinawoloka chitsekocho ndi maso. Ndinakhala pansi. Mphumi yake, makutu otambalala, kamwa lopendekera kumanzere ngati munthu amene akubisa nthabwala. Anali bambo a Tusekile. Inali nkhope imene mwamuna wanga akanakhala nayo Mulungu akanamulola kukalamba. Zaka zonsezi ndinkalira kuti sindidzaionanso, pomwe inali kuseri kwa nthochi zanga, ikutsokomola kawiri kuti ndipatuke.

Amayi a kutchalitchi amandifunsa ngati tsopano ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti khadi la hotela umalimanga pa chitenje. Ndinaphunziranso kusatuma ana pa zilizonse: masiku ano mbale ndimakaisiya ndekha pakhonde pawo, n'kuuza mzati kuti chakudya chafika, mzatiwo n'kuyankha kuti ndagha. Chithunzicho ndimachiyang'ana m'mawa uliwonse ndikatha kupemphera.

Koma dzulo lomweli ndikuchokera kumjigo ndinamva go, go, go, ndi chifuwa kawiri. Ndinazindikira ndili kale pakati pa munda wa chinangwa, ndowa ili pamutu, ndikuyang'ana chulu. Iwo anadutsa pang'onopang'ono, ndipo ali pafupi ndinawamva akuuza chinangwacho kuti chindipatse moni.